Paudala wa Kumaso: Kudziwa Chimene Tikudzola

M'misika ya m'midzi ndi m'matauni a chigawo chino cha Africa, paudala wa kumaso amagulitsidwa pa benchi limodzi ndi sopo, mafuta odzola ndi zipeso. Amayi amamugula pokonzekera ukwati, chinkhoswe kapena ulendo wa kutchalitchi, koma ndi ochepa amene amafunsa zimene zili m'kabokosiko. Funsoli ndi lofunika chifukwa chinthu chodzola tsiku ndi tsiku chimakhudza thanzi la khungu ndiponso mapapo.

Mitundu yake

Paudala womwazika ndi wosalala ngati ufa woyera. Amapakidwa ndi burashi kapena kansalu pamwamba pa zodzola zina kuti zisasungunuke ndi thukuta. Paudala wotsendera ndi uja wouma, wa m'kabokosi kokhala ndi galasi. Popeza satayika, ndi woyenera kuyenda naye n'kumapaka pang'ono nkhope ikayamba kunyezimira. Pali wina wopanda mtundu, amene ntchito yake ndi kuyamwa mafuta a pakhungu basi. Uyu akachuluka amatuwitsa nkhope ya munthu wakuda, makamaka pojambulitsa. Wokhala ndi mtundu amabisa zipsera, koma ayenera kufanana ndi khungu la mwini wake. Poyesa, pakani pang'ono pachibwano muli panja powala. Paudala woyenera saoneka kuti mwapaka.

Amene khungu lawo limatulutsa mafuta ambiri apake pamphumi, pamphuno ndi pachibwano. A khungu louma ayambe adzola mafuta, apo ayi nkhope imaoneka yosweka.

Nzeru za makolo

Kupaka ufa kumaso sikunabwere ndi masitolo. Amayi a Chimakua a ku Nampula ndi ku Ilha de Moçambique amapera mtengo wa Olax dissitiflora pamwala, n'kuthira madzi kuti apange phala loyera lotchedwa mussiro. Ku Madagascar kuli masonjoany, ndipo ku Comoros kuli msindzano, zonse zochokera ku mitengo yoperedwa. Ku South Africa, amayi a Chizulu ndi Chixhosa amapaka dongo loyera la umcako kapena lofiira la ibomvu akamagwira ntchito padzuwa. Dongoli limatchinga dzuwa pang'ono chabe. Choncho mlimi amene amakhala tsiku lonse kumunda afunikabe chipewa chachikulu, ndipo anthu achialubino afunika mafuta oteteza ku dzuwa a mphamvu ya SPF 30 kapena kuposa. Paudala aliyense, ngakhale wodula, sangalowe m'malo mwa zimenezi.

Pamene pagona ngozi

Paudala wambiri amapangidwa ndi mwala wofewa wotchedwa talc. M'migodi ina mwalawu umapezeka pafupi ndi asbestos, amene fumbi lake limayambitsa khansa likalowa m'mapapo. Kampani ya Johnson & Johnson inasiya kugulitsa paudala wa ana wa talc ku United States ndi ku Canada mu 2020, ndipo inalengeza kuti kuyambira mu 2023 idzagwiritsa ntchito ufa wa chimanga padziko lonse, ngakhale inanenetsa kuti paudala wakewo analibe vuto. Mu 2024, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, IARC, inaika talc m'gulu la zinthu zimene n'kutheka ndithu kuti zimayambitsa khansa. Pa chifukwa ichi, ndi bwino kuwerenga pa paketi ndi kusankha paudala wopangidwa ndi chimanga, mpunga kapena dongo la kaolin. Paudala wa mtundu uliwonse asathiridwe pafupi ndi mphuno ya khanda.

Ngozi ina ili m'zodzola zolonjeza kuyeretsa khungu. Zina zimakhala ndi mercury, amene amawononga impso ndi mitsempha ndiponso amafika kwa mwana wosabadwa. Zina zimakhala ndi hydroquinone, amene akadzoledwa nthawi yaitali amasiya mawanga akuda ovuta kuchotsa. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Mu 2023, mayiko amene ali m'pangano la Minamata anagwirizana zothetsa kupanga ndi kudutsitsa m'malire zodzoladzola zonse zothiridwa mercury pofika mu 2025. Komabe lamulo silifika pa benchi lililonse, ndipo katundu wopanda chizindikiro amalowa mozemba.

Zoti alangizi akumbutse anthu

Alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a magulu a amayi angathe kuikapo nkhaniyi pa misonkhano ya sikelo ya ana kapena ya banki m'khonde. Paudala wopanda dzina la wopanga, mndandanda wa zopangira ndi tsiku lotha mphamvu asagulidwe, ngakhale atchipe bwanji. Kansalu kopakira kachapidwe ndi sopo mlungu uliwonse ndipo kasabwerekanidwe, chifukwa kamafalitsa zipere ndi matenda a maso. Nkhope isambidwe usiku musanagone kuti timabowo ta khungu tisatsekeke n'kuyambitsa ziphuphu. Khungu likayamba kuyabwa, kutupa kapena kusintha mtundu, siyani kudzola ndipo pitani kuchipatala mutatenga kabokosiko kuti achipatala aone zimene zalembedwapo.