Kodi mumadziwa? Chimbudzi cham'mwamba m'nyumba yakale

Poika chimbudzi chamadzi m'chipinda cham'mwamba, kukweza madzi sikuvuta kwenikweni. Mutu umazungulira pa kutsitsa zonyansa. Paipi yake ndi yaikulu, pafupifupi mamilimita 110, ndipo iyenera kupendekeka, kutsika mamilimita osachepera 18 pa mita iliyonse. Ikangogona chigonere, zonyansa zimaima panjira.

M'nyumba zakale zambiri, pansi pa chipindacho pamakhala mitanda yamatabwa. Kuboola mtanda kuti paipi yotereyi idutse n'kuufoola, ndipo pakapita nthawi pansi pamayamba kulendewera. Pulambala wodziwa ntchito amayendetsa paipi motsatira mitandayo, apo ayi amaitulutsira kunja kuti itsike ndi khoma.

Nanga timadzi timene timatsala m'chimbudzi mukagejemula? Ndito timatchinga fungo kuti lisabwerere m'nyumba, nzeru imene Alexander Cumming analembetsa ku London mu 1775. Koma zonyansa zikamatsika mwamphamvu zimatha kuyamwa timadzito. N'chifukwa chake paipi yoimirira imafunika kupitirira denga, yotseguka kumwamba, kuti mpweya uzilowa. Pulambala akafuna kuidulira panjira pofuna kupulumutsa ndalama, musalole.