Anthu amene amalera Echeveria m'nazale

M'masitolo a ku America ndi ku Ulaya, kachomera kotchedwa Echeveria amakatsatsa ponena kuti sikalira chisamaliro. Wonena zimenezo sanapondepo m'nazale. Kwawo kwa zomerazi ndi ku Mexico ndi maiko ena a chakummwera kwake, ndipo masamba ake ndi onenepa, osunga madzi, osanjikizana mozungulira. Koma zambiri zimene zili pamsika lero si zakutchire ayi. Ndi za haibulidi, zopangidwa ndi manja a anthu.

Ntchito imayambira kwa wokwatitsa mbewu. Amatapa mungu ndi kaburashi pa duwa la mtundu wina n'kukaupaka pa lina, kenaka amafesa tinjere take, kudikira zaka ndithu, n'kutaya mbande zambirimbiri kuti asankhepo imodzi. Umo ndi mmene inabadwira Echeveria yotchedwa Perle von Nürnberg ku Germany m'zaka za m'ma 1930, ndipo mpaka lero ikuyenda malonda. Ku America, wotulukira mtundu watsopano amaulembetsa kuboma, ndipo kwa zaka 20 palibe wololedwa kuuchulukitsa popanda chilolezo chake.

Komabe thukuta lenileni lili kwa ochulukitsa. Monga mlimi wa chimanga cha haibulidi adziwira, njere za mbewu yotere sizibereka zofanana ndi make, choncho njira n'kuthyola masamba kapena kudula mutu wa chomera. Tsamba amalipotoza pang'onopang'ono kuti lichoke lathunthu, chifukwa likaduka pakati basi latayika. Amaligoneka masiku angapo kuti bala liume, n'kuliyala pa dothi losakaniza ndi timiyala, kudikira kuti timizu tofiirira ndi kamwana zituluke patsinde pake. Ku Vista m'chigawo cha California, komwe kuli nazale yaikulu ya Altman Plants, zomera zotere zimadzaza nyumba zoleramo mbewu. Ambiri ogwira ntchito za m'minda ndi m'nazale za ku California ndi ochokera ku Mexico, kwawo komwe kwa chomeracho, koma pa kachikwangwani ka mumphika simupezapo dzina lawo.

Wothirira ndiye amafunika mtima wodziletsa. Chomerachi chimafa msanga ndi madzi kusiyana ndi ludzu: dothi likanyowa nthawi yaitali mizu imavunda, ndipo madzi akatsalira pakati pa masamba mtima wake umaola. Kuwala kukachepa chimatalika monyozoloka, palibenso angachigule. Wantchito wozolowera amasuzumiranso m'mipata ya masamba kufunafuna tizilombo toyera toyamwa madzi a chomera.

Ngakhale kagwiridwe kali ndi mwambo wake. Masamba a mitundu yambiri amakutidwa ndi kaufa koyera kowateteza kudzuwa, ndipo chala chikangokhudza, chidindo chake sichifufutika patsambalo. N'chifukwa chake olongedza amanyamulira kumphika kapena kutsinde. Zopita kunja kwa dziko nthawi zambiri amazikutumula dothi lonse, kuumitsa mizu, n'kuzikulunga m'pepala chimodzichimodzi.