Mdima wa M'tauni Yaing'ono: Zikhulupiriro ndi Zoona

Ambiri mwa ife timatenga mabuku a nkhani zopeka za milandu yakupha ngati zongotayitsira nthawi pa ulendo wautali. Tikamvanso kuti nkhaniyo ikuchitikira m'katauni komwe aliyense amadziwa agogo a mnzake, timati mulibe zozama. Maganizo amenewa ali ndi pogwira pake, koma alembi aluso akhala akutionetsa zina.

Amati zoopsa ndi za m'mizinda ikuluikulu

N'zomveka kuganiza choncho, poti mumzinda anthu sadziwana. Komabe kale mu 1892, Arthur Conan Doyle analemba nkhani imene Sherlock Holmes, ali m'sitima, akuuza Watson kuti nyumba zotalikirana za kumidzi zimamuopsa kuposa tinjira tauve ta mu London, chifukwa kumeneko munthu akhoza kuzunzidwa zaka zambiri popanda womumva. Agatha Christie anaipititsa patsogolo mfundoyi. M'buku lake la 1930, The Murder at the Vicarage, munthu akuphedwa m'nyumba ya abusa m'mudzi wa St Mary Mead, ndipo amene akutulukira choonadi ndi mayi wachikulire, Miss Marple. Nzeru zake n'zakuti wakhala akuona anthu a m'mudzimo zaka zambiri, ndipo amadziwa kuti nsanje, umbombo ndi mantha sizisankha malo. Akuluakulu ananena kale kuti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Amati chofunika n'kudziwa amene wapha

M'mabuku ena zilidi choncho. Koma taonani The Killer Inside Me la Jim Thompson, lomwe linatuluka mu 1952. Wosimba nkhani ndi wakuphayo mwini wake, Lou Ford, wachiwiri kwa mkulu wa apolisi m'tauni ina ku Texas. Anthu amamuona ngati munthu wofatsa, wozizira pang'ono, wotopetsa ndi timalangizo take tobwerezabwereza. Owerengafe tili m'mutu mwake, tikumva mmene akusangalalira kuwatopetsa dala, ndiponso mmene akudzikhululukira pa choipa chilichonse. Funso lomwe limatisautsa mpaka kumapeto ndi lakuti zinatheka bwanji tauni yonse kumamumwetulira osazindikira kanthu.

Friedrich Dürrenmatt wa ku Switzerland anafika patali zedi m'buku la 1958, Das Versprechen. Kamtsikana kaphedwa pafupi ndi mudzi, ndipo wapolisi Matthäi akulonjeza mayi wa mwanayo kuti wakuphayo adzamupeza. Anthu akuloza chala wamalonda woyendayenda, yemwe akuvomera mlandu atapanikizidwa kenako n'kudzimangirira. Matthäi sakukhutira. Akusiya ntchito yapamwamba imene amapita kukayamba, akutenga malo omwetsera mafuta m'mbali mwa msewu n'kumadikira wakuphayo, mpaka mutu wake kusokonekera. Bukuli likuonetsa mmene lonjezo lochokera pansi pa mtima lingamudyere munthu wamoyo.

Amati wakupha amakhala mlendo

Apa ndiye mtima wathu umafunitsitsa zitakhala zoona, chifukwa mlendo tikhoza kumuthamangitsa n'kugona tulo. Georges Simenon anakudziwa bwino kufooka kumeneku. M'buku la 1931, Le Chien jaune, tauni ya asodzi ya Concarneau yagwidwa ndi mantha, ndipo maso onse ali pa chimunthu chachilendo chogona m'mabwinja ndi galu wake wachikasu. Wapolisi Maigret sakuthamanga nawo. Akukhala m'chipinda chomwera cha hotela, akusuta kaliwo wake, n'kumayang'ana njonda za m'tauniyo zomwe zimasewera juga patebulo limodzi madzulo aliwonse. Pang'onopang'ono zikuululika kuti mantha awo akuchokera ku chiwembu chimene anachitira munthu ameneyu kalekale. Gillian Flynn, m'buku la 2006, Sharp Objects, akuubweretsa mdimawo pafupi kwambiri: mtolankhani wobwerera kwawo ku Wind Gap kukalemba za atsikana awiri ophedwa, akupeza gwero lake m'nyumba imene anakuliramo.

Amati mabuku otere amaumitsa mtima

Nkhawa imeneyi ndi yabwino, ndipo alipodi mabuku ongofuna kudzidzimutsa ndi magazi. Koma olembedwa mwaluso amaufewetsa mtima. Unity Dow, mayi woyamba kukhala woweruza wa bwalo lalikulu la milandu ku Botswana, anatulutsa The Screaming of the Innocent mu 2002. Mtsikana wa zaka 12 wasowa m'mudzi, apolisi n'kuuza mayi wake kuti wadyedwa ndi zilombo. Patapita zaka zisanu, bokosi la zovala zake zamagazi likupezeka pachipatala chaching'ono. Anamupha ndi amuna olemekezeka ofuna zizimba. Aliyense amene anamvapo za kuphedwa kwa anzathu achialubino kuno kwathu sangaliwerenge bukuli mtima uli m'malo.

N'chifukwa chake ndimawalemekeza mabuku amenewa. M'tauni yaing'ono mlandu suchitika anthu osadziwako kanthu: wina anaona, wina anamva, wina anakayikira koma n'kuopa kudana ndi mnansi. Mukamawerenga, muzitsatira anthu okhala chetewo monga mmene mumatsatirira wapolisi. Mwa iwo ndi mmene ambirife timadzipeza, ndipo buku lotiphunzitsa kulankhula mwana asanasowe lagwira ntchito yaikulu.