Kanambala ka pa koilo kamene kamatentha bokosi la chigayo

M'bokosi loyendetsera makina pa chigayo, pophikira buledi kapena pa mpope wa madzi mumakumana magetsi osiyana mphamvu. ESCOM imapereka 230V m'nyumba ngati za ku Chilomoni ndi Zingwangwa, ndi 400V ya three phase yomwe imazunguza mota zikuluzikulu za zigayo ku Ndirande ndi Bangwe komanso m'mafakitale a ku Makata. Koma kachipangizo kolamulira makinawo, kamene amisiri amati PLC, nthawi zambiri kamayendera 24V ya DC basi. Mavuto ambiri amayambira pokumanira pamenepa.

PLC siyatsa mota payokha. Imatuma kontakita, yomwe mkati mwake muli koilo yolumikizidwa pa mabawuti awiri olembedwa A1 ndi A2. Koilo ikalandira magetsi imasanduka maginito n'kukoka zitsulo zolumikiza mota, ndipo m'bokosi mumamveka kuti khwaa! Makontakita awiri akhoza kufanana ngati mapasa, kampani imodzi, kukula kumodzi, koma koilo ya imodzi ndi ya 24V DC, ya inzake ndi ya 230V kapena 400V AC. Kusiyanaku kumalembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono pafupi ndi A1 ndi A2, pomwe fumbi la ufa limakwirira msanga. Wogula kontakita yakale pa msika wa Ndirande kawirikawiri amafunsa ma ampere okha, za koilo n'kuiwala.

Potulukira magetsi pa PLC pali mitundu itatu. Pa transistor pamatuluka DC yokha, kawirikawiri 24V, ndipo pamapirira pafupifupi theka la ampere. Pa triac pamayenda AC yokha. Pa relay ndi ngati swichi wamba: pamalola AC kapena DC, pafupifupi ma ampere 2, malinga ndi zomwe wopanga analemba.

Koilo ya 24V ikapatsidwa 230V imapsa m'kanthawi kochepa, utsi wonunkha vanishi n'kutuluka. Ya 230V ikapatsidwa 24V simakoka n'komwe, ndipo mmisiri wosafatsa amayamba kumasula mota yomwe ilibe vuto. Choopsa kwambiri ndi kulowetsa 230V potulukira pa transistor. Pamenepo chomwe chimafa ndi PLC, chipangizo chodula kuposa kontakita, chomwe nthawi zambiri chimachita kuitanitsidwa kunja. Ngakhale nambala zitafanana, AC ndi DC sizisinthana: koilo yopangidwira AC ikaikidwa pa DC imakoka magetsi ochuluka mpaka kutentha.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Pakati pa PLC ndi kontakita yaikulu pamaikidwa relay yaing'ono ya 24V, kuti PLC izingoyatsa relay, relay izipereka 230V ku koilo. Pa koilo ya DC pamafunikanso diode yoyamwa magetsi obwerera mwamphamvu koilo ikazimitsidwa, apo ayi transistor imaonongeka pang'onopang'ono.

Palinso nkhani ya magetsi ofooka. Muyeso wa padziko lonse wa IEC umafuna kuti koilo ikoke bwino pakati pa 85 ndi 110 pa 100 ya mphamvu yolembedwa, kutanthauza pafupifupi 196V mpaka 253V pa koilo ya 230V. Madzulo, mabanja ambiri akayatsa mbaula za magetsi, mphamvu ikhoza kutsika kumalekezero a laini yaitali. Kontakita imayamba kulira ngati njuchi, kukoka n'kusiya, zitsulo zake zimathetheka mpaka kumatirirana. Chigayo chikafika pamenepo chizimitsidwe, chisakakamizidwe potsindira kontakita ndi kamtengo, chifukwa umo ndi momwe moto umabukira ndiponso momwe wogayitsa amagwidwira ndi magetsi.

Makina ogula kunja afunika diso lomweli. A ku South Africa amagwirizana ndi 230V ndi 50Hz za kuno, koma a ku America amapangidwira 120V ndi 60Hz, a ku Japan 100V.

Waya asanakhudzidwe, magetsi azimitsidwe pa swichi yaikulu, mita yoyezera itsimikize kuti palibe chotsala, kenako nambala ya pa koilo iyerekezedwe ndi ya m'buku la PLC. Ntchitoyi ndi ya mmisiri wokhala ndi chiphaso cha MERA, ndipo mwini chigayo apemphe kuchiona bokosi lisanatsegulidwe.