Belo ndi Mkwiyo wa Anthu

Pa zaka zimene ndakhala ndikuimira anthu m'mabwalo a milandu, palibe dandaulo limene ndalimva kawirikawiri, kaya pamaliro, kaya panja pa tchalitchi mapemphero atatha, loposa ili lakuti munthu amene anagwidwa dzana ndi mbuzi ya eni, lero akuyenda pamsika mopanda mantha, ndipo chifukwa chake n'chakuti apolisi kapena a majisitireti alandira kangachepe. Sindikana kuti ziphuphu zilipo. Koma ndikupemphani, abale ndi alongo, mundilole ndifotokoze za belo, pakuti kusaimvetsa kwaotchetsa anthu ndi matayala, ena mwa iwo osalakwa konse.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene tinawalandira mu 1994, amanena m'ndime 42 kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kuti ayesedwe wosalakwa kufikira bwalo litampeza wolakwa, ndiponso kuti atulutsidwe m'chitokosi kupatula ngati chilungamo chifuna kuti asungidwe. Amene analemba ndimeyi sanaitole panjira, pakuti anali atangotuluka kumene m'nyengo imene munthu ankatsekeredwa ku Mikuyu osauzidwa mlandu wake, monga zinamuchitikira Jack Mapanje kuyambira 1987 kufikira 1991. Ndipo funso lija limene Nikodemo wa m'Baibulo anafunsa akulu anzake, ngati nkoyenera kuweruza munthu asanamvedwe, ndilo tsinde la nkhani yonseyi.

Tsono woweruza akamamva pempho la belo safunsa ngati munthuyo anabadi mbuzi ija, popeza funsolo lili ndi tsiku lake. Chimene iye afuna kudziwa ndi ichi: kodi munthu uyu, tikamlola kukagona kwawo, adzabwera pa tsiku la mlandu, kapena adzawoloka malire, kodi adzaopseza mboni, kapena kubisa umboni? Ndipo Khoti la Suprimu, pa mlandu wa Mvahe mu 2005, linagamula kuti ndi boma limene liyenera kuonetsa chifukwa chosungira munthu, osati womangidwa kupempha ngati wopempha chifundo. Mukadakhala m'khoti mukadaona malume a wozengedwa mlandu ataimirira, chiphaso chaunzika chili m'manja, chipewa atachikwapatira m'khwapa, a majisitireti akuwafunsa kuti, “Bambo, mnyamatayu mumamdziwa bwanji? Kwanu muli ndi chuma chanji? Mukudziwa kuti akathawa, ndalama mwalonjezazi mudzalipira ndinu?” Ndaonapo amalume ena, atamva funso lomalizali, akubwerera pampando mwakachetechete, chifukwa mphwawo amamdziwa bwino kuposa khoti. Wotulukayo amalamulidwa kukaonekera kupolisi pa masiku oikika, nthawi zina kupereka pasipoti yake, ndipo mlandu wake uli chikhalire, pakuti akulu anati mlandu suola.

Pa milandu ya kupha munthu ndi youkira boma, belo imaperekedwa ndi Khoti Lalikulu lokha. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo wapolisi wokuuzani mtengo wake akukuberani.

Komabe mkwiyo wa anthu uli ndi pogwira, ndipo ine sindiupeputsa. Pamene nduna kapena mkulu wa m'boma woganiziridwa kuti wasowetsa mamiliyoni atuluka dzuwa lisanalowe, maloya atatu ali pambuyo pake, koma mlimi wa kumudzi, wopanda womlankhulira ndiponso wopanda wachibale wokhala ndi ndalama ya basi yofikira kuboma, akhala miyezi pa rimandi ku Maula kapena ku Chichiri, m'zipinda zimene khoti linanena kale mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, kuti kudzaza kwake n'kuchitira anthu nkhanza, ndani angadabwe anthu akamati lamulo lili ndi nkhope ziwiri? Chimene chimandiwawa ine si chakuti wolemerayo wapatsidwa ufulu wake, koma kuti wosaukayo wamanidwa wake, ndiponso kuti milandu ya akuluakulu, belo ikangoperekedwa, imazengereza zaka mpaka mboni zitamwalira kapena kutopa. Pamenepo ndi pamene tiyenera kufunsa oimira boma pa milandu, ndi aphungu amene amagawa ndalama za makhoti ndi za ofesi ya Legal Aid Bureau, imene ntchito yake ndi kuimira osauka.

Ndipo inu amene munaberedwa mbuzi, ngati wotuluka pa beloyo afika pakhomo panu ndi mawu oopseza, musaitane anyamata a m'mudzi. Pitani kwa wapolisi amene akuyendetsa mlandu wanu, mukanene tsiku, malo ndi amene anamva, pakuti khoti limene linapereka beloyo lili ndi mphamvu yoilanda ndi kumbwezera munthuyo m'ndende kufikira mlandu utazengedwa.