Malamulo akutinji pa za kupuma pa masiku achipembedzo m'minda ya tiyi ku Thyolo

Khirisimasi, Lachisanu Loyera, Lolemba la Pasaka ndi Eid ul-Fitr ndi ena mwa masiku achipembedzo amene ali pa mndandanda wa tchuthi cha boma m'dziko muno. Pa masiku amenewa wogwira ntchito m'minda ya tiyi m'boma la Thyolo ayenera kupuma, ndipo akagwira ntchito ayenera kulandira malipiro owirikiza kawiri. Vuto limabuka pa masiku amene chipembedzo cha munthu chidawapatula koma sali pa mndandanda wa boma.

Ku Thyolo nkhaniyi imakhudza kwambiri tsiku la Loweruka. Mchaka cha 1902 mpingo wa Seventh-day Adventist udagula malo a mishoni ya Plainfield ku Makwasa, ndipo mchaka cha 1907 malowo adatchedwa Malamulo. Kuchokera nthawi imeneyo mpingowu udazika mizu m'midzi yozungulira, imenenso maesiteti amapezako antchito ambiri. Akhristu a mpingowu amasunga Sabata kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowa, pamene ntchito ya m'minda imayenda kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Asilamu nawo, amene kalembera wa 2018 adapeza kuti ndi 13.8 peresenti ya anthu m'dziko muno, amafuna mpata wopita kumzikiti Lachisanu masana.

Eni minda nawo ali ndi zifukwa zawo zomveka. Tiyi wochuluka amakololedwa m'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo pa nthawiyi minda ya ku Thyolo ndi ku Mulanje imalemba anthu pafupifupi 50,000. Nsonga za tiyi zimaphuka msanga, choncho othyola amayenera kubwerera m'munda womwewo pakangopita masiku ochepa. Akachedwa masamba amakhwima ndipo tiyi wake sagulidwa pa mtengo wabwino. Masamba othyoledwa nawonso sachedwa kuwonongeka, amayenera kufika kufakitale tsiku lomwelo. Gulu lalikulu la antchito likajomba tsiku limodzi m'mwezi wa Januwale, esiteti imaluza. Wothyola tiyi nayenso amaluza, poti ndalama zake zimadalira masiku amene wagwira ndi makilogalamu amene wapimitsa pa sikelo.

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 amateteza chipembedzo m'magawo angapo. Gawo 33 limapereka kwa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi chikhulupiriro. Gawo 20 limaletsa kusala munthu pa zifukwa zosiyanasiyana, kuphatikizapo chipembedzo, pamene gawo 31 limati aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera. Dziko la Malawi lidavomerezanso mchaka cha 1965 pangano nambala 111 la bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, lomwe limaletsa tsankho pa ntchito.

Lamulo la za ntchito la Employment Act la mchaka cha 2000 lidatambasula mfundozi. Gawo 5 limaletsa wolemba ntchito kusala munthu chifukwa cha chipembedzo pomulemba, pomukweza kapena pomuchotsa, ndipo gawo 57 limati chipembedzo si chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito. Komabe lamuloli silinena paliponse kuti wantchito ali ndi ufulu wojomba pa tsiku lililonse limene chipembedzo chake chidalipatula.

Mpata uli pa gawo 36. Gawoli limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo munthu asagwire ntchito masiku oposa asanu ndi limodzi motsatizana popanda kupuma maola 24. Likuwonjeza kuti kupumako kukhale pa tsiku limene anthu adazolowera kupuma kapena pa tsiku limene mbali ziwirizo zagwirizana. Izi zikutanthauza kuti lamulo silidakhomere Lamulungu pa aliyense. Wantchito wa Sabata akhoza kugwirizana ndi bwana wake kuti azipuma Loweruka n'kumagwira Lamulungu, pokhapokha ngati pali ntchito yoti agwire tsikulo, monga ya kufakitale, ya ulonda kapena yothirira mbande ku nazale.

Njira ina ili pa gawo 44, lomwe limapereka tchuthi cha pachaka cha masiku 18 kwa wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Wantchito akhoza kupempha kuti ena mwa masikuwa agwere pa zikondwerero za chipembedzo chake kapena pa misonkhano ya misasa. Koma njirayi siingathetse vuto la Sabata, chifukwa Loweruka limabwera maulendo 52 pa chaka. Siithandizanso kwenikweni antchito a nyengo yokolola, amene amalembedwa kwa miyezi yochepa yokha.

Makhothi a m'mayiko ena adaweruzapo milandu yofanana ndi imeneyi. Ku United States, mchaka cha 1963, khothi lalikulu lidagamula mokomera mayi wa mpingo wa Seventh-day Adventist wa ku South Carolina, amene adachotsedwa ntchito pa fakitale ya nsalu atakana kugwira Loweruka, kenako boma n'kumumana chithandizo cha anthu osowa ntchito. Mchaka cha 1972 dzikolo lidakonza lamulo lake kuti wolemba ntchito aziyesetsa kupereka mpata wa chipembedzo, kupatula ngati kutero kungadzetse vuto lalikulu pa bizinesi yake. Ku South Africa, mchaka cha 2018, khothi la apilo la milandu ya za ntchito lidapeza kuti kampani ina idalakwa pochotsa mayi wa mpingo womwewu amene adakana kuwerenga katundu Loweruka, chifukwa kampaniyo siidayese kupeza njira ina. Zigamulo zimenezi sizimanga makhothi a kuno, koma zikuwonetsa funso limene woweruza angafunse: kodi bwana adayesa kupereka mpata, nanga mpatawo ukadawononga chiyani?

Kuno kwathu milandu yotere imayambira ku ofesi ya za ntchito ya m'boma, ndipo ikakanika imapita ku khothi la Industrial Relations Court, lomwe limagwira ntchito motsatira lamulo la Labour Relations Act la mchaka cha 1996. Koma kwa wothyola tiyi amene akudalira malipiro a masabata ochepa kuti agule chimanga m'miyezi ya njala, mlandu wa kukhothi umatha nyengo yokolola itadutsa kale. Ambiri amangosankha chimodzi, kusiya ntchito kapena kuphwanya chikhulupiriro chawo.

N'chifukwa chake malo abwino okonzera nkhaniyi ndi pa zokambirana za eni minda ndi antchito. Mchaka cha 2016 bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la Plantation and Agriculture Workers Union adasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito m'minda ya tiyi. Migwirizano ya mtundu umenewu ikhoza kunena poyera momwe wantchito angapemphere tsiku lina lopuma, nthawi yodziwitsira kapitawo, kusinthana masiku pakati pa antchito, komanso kutalikitsa nthawi yopuma ya Lachisanu masana n'kubweza maolawo tsiku lina. Mfundo zikalembedwa, wantchito sadaliranso chifundo cha kapitawo mmodzi, ndipo esiteti imadziwiratu chiwerengero cha anthu amene adzakhale m'munda tsiku lililonse.

Kwa alangizi a za ntchito ndi akuluakulu ena a boma amene amayendera maesiteti, mafunso ofunika ndi atatu: ngati wantchito adadziwitsa mabwana za chipembedzo chake pa nthawi yake, ngati mabwanawo adafufuza njira ina asadamudule malipiro kapena kumuchotsa, komanso ngati mpata woperekedwa kwa a chipembedzo chimodzi ukuperekedwanso kwa a zipembedzo zina. Nthawi yabwino yofunsa mafunsowa ndi Okutobala ndi Novembala, pamene maesiteti akukonzekera kulemba antchito a nyengo ya mvula.