Mukathamangira ku chipatala ndi agogo, tengani mankhwala awo onse

Makolo ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amabwera kudzakhala ndi ana awo kuno ku Chilinde, koma buku lawo la kuchipatala limatsala kumudzi. Akadwala mwadzidzidzi usiku, achibale amathamangira nawo ku Kawale kapena ku Kamuzu Central Hospital chimanjamanja. Dokotala akafunsa mankhwala amene amamwa, yankho limakhala lakuti timapilitsi toyera. Abale anga, mapilitsi oyera alipo ambiri.

Impso za munthu wokalamba sizichotsa mankhwala m'thupi msanga ngati za mnyamata, choncho dokotala sangawonjezere ena bwinobwino asanadziwe amene ali kale m'magazi.

Tengani chitsanzo cha glibenclamide, mankhwala a shuga. Amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye. Agogo akamwa nthawi ya dakwi n'kusala tsiku lonse, akhoza kuyamba kutuluka thukuta, kunjenjemera ndi kuyankhula zosamveka. Ena amati ndi sitiroko, ena amati majini, nthawi n'kumapita. Ngati akutha kumeza, apatseni madzi a shuga pomwepo, musadikire Maghrib. Ngati akomoka, musawathire chilichonse m'kamwa. Thamangani nawo, ndipo mukafika uzani namwino kuti amamwa za shuga komanso anali pa swaumu, kuti awayeze msanga. Za swaumuyo musade nkhawa: Surah Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, imapereka chilolezo kwa wodwala.

Amene amaiwalika kawirikawiri ndi ogula pa golosale. Brufen, Indocid ndi diclofenac za mawondo ndi msana zimatha kuchititsa zilonda zotuluka magazi m'mimba, kuwononga impso ndi kukweza BP. Chimbudzi chakuda bii n'chizindikiro chofunika kuchitchula. Ma ARV nawonso musawabise chifukwa cha manyazi, pakuti TLD imachulukitsa metformin m'magazi.

Ikani zonse mu jumbo imodzi: mapepala a mapilitsi ngakhale otha, botolo la mankhwala azitsamba, ndi bukulo. Ngati linatsala kumudzi, wina ajambule masamba omaliza atumize pa WhatsApp. Apite nawo ndi amene amawapatsa mankhwala tsiku ndi tsiku, chifukwa ndiye angadziwe ola limene anamwa komaliza. Potuluka m'chipatala, funsani kuti mwa akale aja ndi ati asiye, ndipo alembe m'bukumo.